Mbeya: mzinda womwe timangoudutsa

Wachinyamata wa kuno kwathu akanena kuti watopa, akufuna kutuluka, sitifunsanso kuti akulowera kuti. Ndi ku Joni basi. Omwe zawo zidayera amatchula Dublin, Manchester kapena Dubai, ndipo kuyambira mu 2023 ena adayamba kutchula minda ya ku Israel. Pamndandanda umenewu dzina la Mbeya silimvekapo, chonsecho mzindawu uli pamtunda wa makilomita ongopitirira pang'ono 100 kuchokera pachipata cha Songwe m'boma la Karonga.

Si kuti sitiudziwa ayi. Amayi a geni opita ku Kariakoo ku Dar es Salaam amaudziwa ngati posinthira basi. Okatenga galimoto kudoko amaudziwa ngati pothirira mafuta ndi pogona usiku umodzi. M'Chiswahili mawu oti kupita amatanthauza kudutsa, ndiye Mmalawi akamauza Mtaifa kuti akupita ku Mbeya amakhala akunena zoona osadziwa. Timangodutsadi, nthawi zambiri tili m'tulo.

Ine ndili ndi zaka za m'ma 20, digiri ya zofalitsa nkhani komanso malipiro omwe adafota pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mpaka lero sadatsitsimuke. Anzanga ambiri omwe tidamaliza nawo sukulu ali ndi pasipoti m'thumba, akungodikira mpata. Nanenso maganizo otuluka amandifikira. Koma ndili ndi mayi ku Dedza omwe thupi limawavutavuta, ndipo sindifuna kukakhala kumalo koti uthenga wa matenda ukandipeza ndiyambe kuwerengera masiku awiri a pabasi ndi zipata zitatu za maiko. N'chifukwa chake mu Juni ndidapempha tchuthi cha masiku 10 n'kukakhala ku Mbeya, ndikufunsa mitengo ya lendi, ya ufa ndi ya makala ngati munthu wosamuka. Funso lidali limodzi: kodi munthu ngati ine angakhazikike kumeneko?

Kuchokera kunyanja kukwera kumapiri

Ukawoloka mlatho wa Songwe wapansi umafika pa Kasumulu, ndipo choyamba n'kusuntha wotchi chifukwa anzathuwa ali patsogolo ndi ola limodzi. Mmalawi safunika viza. Pasipoti yokha imakulowetsa ngati mlendo, mpaka masiku 90. Kuchoka apo msewu umasiya kutentha kwa chigwa cha Kyela n'kuyamba kukwera. Nthochi mbali zonse, kenako minda ya tiyi, kenako tauni ya Tukuyu yomwe Ajeremani ankaitcha Neu Langenburg, phiri la Rungwe litaima chapafupi. Amene adayendapo msewu wa ku Thyolo m'mawa wa chiperoni sangadabwe ndi kalikonse. Msewuwu umakathira mumsewu waukulu wochokera ku Dar es Salaam kupita ku Zambia pamphambano ya Uyole, ndipo mzinda umayambira pamenepo.

Mbeya adakhala m'chigwa chachitali pakati pa mapiri, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700, kuposa pa boma la Dedza. Chakumpoto phiri la Loleza limayang'ana mzinda wonse ngati mmene Zomba amayang'aniridwa ndi phiri lake. Mu Juni ndi Julayi kumazizira zenizeni, moti ine mwana wa ku Dedza ndidagona ndi mabulangete awiri. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 500,000 mumzindamo. Ndiye kuti ndi waukulu kuposa Mzuzu, wocheperapo poyerekeza ndi Blantyre. Mayendedwe ndi a daladala, omwe ndi maminibasi awo, njinga zamoto za bodaboda, ndi tigalimoto ta matayala atatu ta bajaji tomwe tadzaza paliponse ngati ngumbi mvula itagwa.

Mapazi athu alipo kale

Mzindawu si wakale kwambiri. Udakula m'zaka za m'ma 1920 golide atapezeka ku Lupa, chakumpoto kwake, m'dera la Chunya. M'zaka za m'ma 1930 amuna ambiri a ku Nyasaland, makamaka a kumpoto, adali m'gulu la omwe ankakakumba golideyo. Tikamakamba za matchona timangokumbuka Wenela, Salisbury ndi Bulawayo, koma njira ya ku Lupa nayonso agogo athu adaiponda. Ngakhale amishoni a mpingo wa Moravian omwe adakhazikika ku Rungwe mu 1891 adadzera njira ya Shire ndi nyanja yathu yomweyi.

Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi ku Zambia, idamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutha mu 1975, ndipo siteshoni ya Mbeya ndi imodzi mwa zikuluzikulu zake. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, dziko lino lidatembenukira kumpoto. Kampani ya Malawi Cargo Centres idakhala ndi malo osungira katundu ndi mafuta ku Dar es Salaam komanso ku Mbeya, kuti katundu azibwera pasitima kufika ku Mbeya kenako n'kukwera mathiraki olowa ku Malawi. Mpaka lero matankala onyamula mafuta athu amadutsa pa Uyole usana ndi usiku. Chidandikhudza n'choti m'masiku onse 10 sindidaone mzere wa galimoto pamalo omwetsera mafuta, pomwe mafuta omwe ife timagonera pamzere amadutsa pakhomo pawo.

Kwa munthu wa ku Karonga kapena Chitipa, ubale ndi wa magazi. Anyakyusa a ku Kyela ndi Rungwe ndi Angonde a kwa Kyungu amamvana popanda womasulira. Andali ndi Alambya ali mbali zonse ziwiri za malire. Eni nthaka a pomwe padamangidwa mzinda ndi Asafwa, koma mumsika moni wa ughonile umamveka pafupipafupi ngati uli pa depoti ya Karonga.

Mphika ndi denga

Chomwe Mbeya angadzitame nacho popanda womutsutsa ndi chakudya. Dera limeneli ndi imodzi mwa nkhokwe za Tanzania. Mpunga wonunkhira umachokera ku Kyela ndi kuchigwa cha Usangu, nthochi ndi mapeyala ku Rungwe, mbatatesi kumapiri a Poroto, khofi ku Mbozi, chimanga ndi nyemba pafupifupi paliponse. Ku Uyole kuli malo akuluakulu a boma ofufuzira za ulimi, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti mumzindamu mumachitika chionetsero cha alimi cha Nane Nane.

Mumsika wa Mwanjelwa ndi wa Soweto ndidayenda ndi kabuku, ndikulemba mitengo. Kuyerekeza ndi kwathu n'kovuta chifukwa zimatengera kuti kwacha yako waisintha pamtengo wa kubanki kapena wa pamlatho, ndipo mitengo iwiriyi idasiyana kalekale. Koma kwa wolandira malipiro m'mashilingi, chakudya si chimene chingamusowetse tulo. Nsima amaitcha ugali ndipo imakhala yolimbirapo kuposa yathu. Nthochi zophika ndi nyama, zomwe ku Karonga amati mbalagha, zili m'malo odyera ambiri. Madzulo achinyamata amadya chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, kwinaku akukangana za Simba ndi Yanga ngati mmene ife timachitira ndi Bullets ndi Wanderers. Matimu a pakhomo, Mbeya City ndi Tanzania Prisons, bwalo lawo ndi la Sokoine pakati pa tauni.

Nyumba ndiye zimatengera dera. Ku Uzunguni, komwe kunkakhala azungu, ndi ku Forest kuli nyumba za mipanda zofanana ndi za ku Namiwawa. Ku Uhindini ndi kwa mashopu akale a amwenye. Munthu wa thumba ngati langa amayang'ana ku Iyunga, Nzovwe, Isanga kapena Uyole, komwe chipinda ndi pabalaza zimapezeka. Koma konzekani: nyumba imapezeka kudzera mwa dalali, mkhalapakati yemwe amadya yake, kawirikawiri yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, ndipo eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi pakamodzi. Magetsi ndi ogula mayunitsi pafoni, omwe iwo amati LUKU. Komwe ndinkagona adazima kawiri kokha, kwa kanthawi kochepa.

Zina zofunika pamoyo wa m'tauni zilipo. Pali chipatala chachikulu cha Mbeya Zonal Referral Hospital chomwe chimalandira odwala a zigawo za kumapiri a kummwera kwa dzikolo. Pali sukulu zaukachenjede: Mbeya University of Science and Technology, yomwe nayonso amaifupikitsa kuti MUST ngati yathu ya ku Thyolo, Teofilo Kisanji ya mpingo wa Moravian, ndi nthambi ya Mzumbe. Bwalo la ndege la Songwe lidatsegulidwa mu 2012, ndipo dzina lake lisakusokonezeni: likuchokera kumtsinje wina wa Songwe wothira m'nyanja ya Rukwa, osati wa m'malire uja. Matchalitchi ndiye osanena. Lamulungu m'mawa nyimbo zimachokera mbali zonse, moti wa CCAP, wa Katolika kapena wa pente sangasowe kolowa.

Pakamwa ndiye pachipata chenicheni

Amalawi tidazolowera kuti ukatuluka kunja Chingerezi chimakuwombola. Ku Mbeya chimakufikitsa pahotela ndi kubanki basi. Mumsika, mu daladala, kwa dalali, ku ofesi ya boma, pawailesi, zonse ndi Chiswahili. Digiri yanga yonse idasanduka manja olozaloza pogula tomato.

Mwayi wake ngoti chiyankhulochi ndi chachibale. Moto ndi moto, nyama ndi nyama, nyumba ndi nyumba, mbuzi ndi mbuzi. Madzi ndi maji, njira ndi njia, mvula ndi mvua. Pakatha sabata khutu limayamba kutola. Koma muli misampha. Kuuza kwa iwo ndi kugulitsa. Mpunga ndi wa m'munda wokha, wopuntha ndi mchele, wophika ndi wali. Nthawi amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, ndiye akati basi inyamuka saa moja m'mawa akunena 7 koloko. Wamkulu umamupatsa moni wa shikamoo, ndipo ukaiwala amakuona ngati mwana wosaleredwa.

Chiswahili si cha Ataifa okha tsopano. Bungwe la SADC lidachivomereza kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zake zogwirira ntchito mu 2019, ndipo African Union idachita chimodzimodzi mu 2022. Mu Julayi 2023, Samia Suluhu Hassan atabwera kudzacheza m'dziko muno, Lazarus Chakwera yemwe adali mtsogoleri panthawiyo adalamula unduna wa zamaphunziro kuti ukonze zoti Chiswahili chiziphunzitsidwa m'sukulu zathu. Amayi a geni sadadikire lamulo limenelo, adachiphunzira kale m'mabasi. Otsalira ndife a madigiri.

Kulowa n'kosavuta, kukhala ndiye nkhani

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku 90 aja ndi a mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Wofuna kukhazikika amafunika chilolezo chokhalira m'dzikomo kuchokera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Zilolezozi zili m'magulu atatu: A ya oika chuma m'mabizinesi, B ya olembedwa ntchito, ndi C ya ena monga ophunzira, amishoni ndi ochita kafukufuku. Wolembedwa ntchito amafunikanso chilolezo cha ntchito kuchokera kwa kamishona wa zantchito, ndipo lamulo la 2015 lokhudza kulemba ntchito anthu akunja limafuna kuti bwana aonetse kuti palibe nzika yomwe ingagwire ntchitoyo, komanso kuti akukonzekeretsa nzika yodzalowa m'malo mwako. Zilolezozi zimalipiridwa m'madola a ku America, ndipo si ndalama zoti munthu n'kungosolola m'thumba. Anthu a ku Kenya, Uganda kapena Rwanda ali ndi pogwira chifukwa ali limodzi ndi Tanzania m'bungwe la East African Community. Ife tilibe. Timakumana nawo mu SADC.

Mwina mukuti, basi ndikangotsegula kageni. Apo ndiye padatsekedwa ndi loko. Mu Julayi 2025 boma la Tanzania lidaletsa anthu akunja kuchita mitundu 15 ya bizinesi. Pamndandandawo pali mashopu wamba ogulitsa katundu, saluni, kukonza mafoni, kutumiza ndalama pafoni, ntchito zoyeretsa m'nyumba ndi m'maofesi, kugula mbewu kumunda, kuperekeza alendo oona malo, udalali, kuombola katundu pachipata, migodi ing'onoing'ono komanso kutsegula wailesi kapena kanema. Wophwanya lamuloli akhoza kulipitsidwa mashilingi osachepera 10 miliyoni kapena kukakhala kundende mpaka miyezi isanu ndi umodzi, n'kulandidwa chilolezo. Tawerengani bwino mndandandawo. Muli ntchito zambiri zomwe Mmalawi amayambira akafika ku Joni. Malo nawonso munthu wakunja sangangogula n'kumangapo. Nthaka yonse ndi ya boma, ndipo wakunja amaipeza pokhapokha ngati ndi yochitirapo bizinesi yovomerezeka.

Ubale wa maiko awiriwa nawo umatentha n'kuzizira. Mu Malichi 2025 boma lathu lidaletsa kuitanitsa zinthu zina kuchokera kunja, ndipo mu Epulo nduna ya zaulimi ya Tanzania panthawiyo, Hussein Bashe, idabwezera poletsa zokolola za ku Malawi kulowa m'dzikomo. Chiletsocho chidachotsedwa patangopita masiku ochepa, koma amalonda ang'onoang'ono a pachipata adali atapsa kale. Palinso nkhani ya nyanja. Iwo amaitcha Ziwa Nyasa ndipo amati malire ali pakati pa madzi, ife timagwira pangano la Heligoland la 1890 lomwe lidaika malire m'gombe la kwawo. Ukanena kuti ndiwe Mmalawi nkhaniyi imatuluka, kawirikawiri mwanthabwala, pamodzi ndi dzina la Peter Banda yemwe adasewerapo ku Simba. Palibe adandinyoza. Koma wokhala kwa eni amadziwa kuti akuluakulu akayambana ku Lilongwe ndi ku Dodoma, woyamba kufunsidwa mapepala ndi iyeyo.

Kwa wa cholembera ngati ine

Mbeya ndi mzinda wokonda ndale. Kuyambira 2010 mpaka 2020 phungu wake adali Joseph Mbilinyi, woimba wotchuka ndi dzina loti Sugu, wa chipani chotsutsa cha Chadema. Adamugonjetsa ndi Tulia Ackson wa chipani cholamula cha CCM, yemwe pambuyo pake adakhala sipikala wa nyumba ya malamulo. Komabe anthu amayankhula za boma mosamala kuposa ife. Kwathu kuno mtsogoleri timamudzudzula mu minibasi, dzina lake n'kulitchula. Kumeneko mawu amatsika, maso n'kuyamba ayang'ana uku ndi uku.

Chifukwa chake chilipo. Mu Okutobala 2024 masamba a pa intaneti a kampani ya nyuzipepala ya Mwananchi adatsekedwa kwa masiku 30. Mu 2025 tsamba la X lidatsekedwa. Pachisankho cha pa 29 Okutobala 2025, chomwe Samia Suluhu Hassan adalengezedwa kuti wapambana ndi mavoti pafupifupi 98 peresenti, kudabuka zionetsero m'mizinda ingapo kuphatikizapo Mbeya ndi Tunduma. Anthu ambiri adaphedwa, intaneti idazimitsidwa kwa masiku angapo, ndipo mathiraki obwera ku Malawi adaima. Mlimi wa mapeyala kapena mphunzitsi wa masamu akhoza kukhala zaka osakhudzana ndi zimenezi. Mtolankhani wochokera kunja, yemwe chilolezo chake chili m'manja mwa boma lomwe akulilemba, sangadzinamize choncho.

Ndiye ndisamuke?

Ndikayika zonse pasikelo, Mbeya ndi mzinda woti munthu n'kukhalamo mosangalala. Nyengo ndi yabwino, chakudya n'chambiri, anthu ndi aulemu, ndipo Loweruka ukhoza kukwera phiri kukaona nyanja ya Ngozi yomwe ili m'chibowo cha phiri lomwe lidaphulika kalekale, kapena kutsikira kugombe la Matema kukasamba m'nyanja yathu yomweyi. Koposa zonse ndi kufupi. Ukanyamuka m'mawa, nkhomaliro ukadyera ku Karonga, ndipo kukacha uli pakhonde pa mayi ako ku Dedza. Amene adasonkhapo ndalama zobweretsera maliro kuchokera ku South Africa, kapena adaona mabasi obweza abale athu othawa zipolowe mu 2008 ndi 2015, akudziwa mtengo wa mtunda.

Koma Mbeya si kothawira ulova. Wongonyamuka ndi chikwama, kudalira kuti akaona konko, akathera m'manja mwa a zolowa ndi zotuluka. Makomo otseguka ndi ochepa ndipo ndi odziwika: kukaphunzira pa chilolezo cha gulu C, kulembedwa ntchito ndi kampani kapena bungwe lomwe likufunadi luso lako, kapena kuchita malonda a pakati pa maiko awiriwa uli ndi mapepala, nyumba yako ili ku Karonga kapena Mzuzu. Munthu wodziwa Chichewa, Chingerezi ndi Chiswahili pamodzi ali ndi chogulitsa panjira imeneyi, chifukwa katundu wathu wambiri amadzera pomwepa ndipo nkhani zake ife atolankhani timazimva zikavuta kale.

Ine sindidapakire katundu. Ndidagula buku la galamala ya Chiswahili pafupi ndi msika wa Mwanjelwa, ndipo madzulo aliwonse ndimamvera nkhani za m'chiyankhulocho kwa theka la ola. Ndidatenganso mapepala ofotokoza maphunziro a digiri yachiwiri. Ndikufuna ndikabwerereko mu Febuluwale, nthawi ya dzinja, ndikaone matope a ku Uyole ndi mmene madzi amayendera m'makwalala, popeza mzinda suudziwa bwino ukauona m'chilimwe chokha. Ndi nthawi yomweyonso maluwa amaphuka kumalo otetezedwa a Kitulo, pamwamba pa mapiri a kum'mawa kwa mzindawu.

Inu amene mumadutsa njira imeneyi popita ku Kariakoo, ulendo wina tsikani pa Uyole, mugonepo masiku awiri. Funsani lendi, lowani mumsika, kwerani bajaji mpaka ku siteshoni ya TAZARA. Musaiwale juzi.